Nachisale ndi Zithunzi Zisanu za Aojibwe

Ndinapita ku Amereka ngati mkazi wamasiye mwamuna wanga ali moyo. Ndi iye yemwe anandinyamulira chikwama mpaka pa siteji ya Mponela, n'kundiuza kuti ndikakafika ndikamugulire jekete lachikopa.

Anatitenga ndi a Kamwendo, mwana wakwathu konko ku Dowa, amene anapita kusukulu ku South Bend n'kukhazikika komweko. Anafika pa tchalitchi pathu atavala suti yonunkhira. Anati akufuna amayi asanu ndi mmodzi odziwa kuimba ndi kuvina, tikazungulire mipingo ya azungu kwa miyezi yochepa, pobwerera aliyense adzafolere nyumba yake ndi malata. Ine ndinali woyambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi. Nachisale, mnzanga wa paubwana, anali wa besi. Mawu ake anali ngati a mwamuna, ndipo akatsika m'chiuno pa chimtali ngakhale abusa ankayang'ana kumbali. Anatisankha tonse awiri.

Tisanatuluke n'komwe pabwalo la ndege ku Amereka, a Kamwendo anatambasula dzanja.

"Bweretsani mapasipoti ndikusungireni, amayi. Kuno mbava zake n'zochenjera."

Tinapereka tikuthokoza.

Anatiika kunsi kwa nyumba yawo, m'chipinda chapansi pa nthaka chopanda zenera lenileni, matiresi atatu pambali pa makina ochapira. Akazi awo, namwino wa ku Zomba, ankatipatsa moni ataima pamwamba pa masitepe, osatsika. Lamlungu ndi Lachitatu tinkakwera vani kupita kukaimba. Masiku enawo ankatigawa m'nyumba za anthu a mumpingo kukakolopa ndi kusita, malipiro ake akuti ankapita ku utumiki.

Sabata yoyamba anatijambula zithunzi kuseri kwa galaja. Anatiuza kuti tivule nsapato, tivale zitenje zakutha zimene anachita kubwera nazo okha, ndipo tisaseke. Nachisale analephera. Nthawi zonse akamuloza ndi kamera ankangophulika, mpaka a Kamwendo anamukalipira ngati mwana.

Chingerezi changa chinali cha Sitandade 6, kotero sindinkamvetsa chifukwa chake amayi achizungu ankandikumbatira akulira ndikamaliza kuimba. Ndinkangoti nyimbo yawafika pamtima. Anandimasula ndi Edina, wamng'ono pa tonsefe, amene anafika Folomu 4. Anandikokera pa chinsalu chachikulu chimene tinkapachika pakhomo la tchalitchi, pomwe panali nkhope yanga.

"Achemwali, mukudziwa zalembedwa apazi? Akuti amuna anu anamwalira ndi Edzi, anakusiyirani ana asanu."

Ine ana ndili nawo awiri, Tadala ndi Mphatso.

Ndinawapeza a Kamwendo akuthira mafuta m'vani. Sanachite n'komwe manyazi.

"Mayi, mzungu sapereka kwa mkazi amene mwamuna wake ali moyo. Mukufuna malata kapena mukufuna choonadi?"

Miyezi yochepa ija inasanduka zaka ziwiri. Masiku a m'mapasipoti athu anatha, ndipo tikafunsa za kwathu ankatikumbutsa kuti munthu wopanda mapepala apolisi amamutola ngati galu wachiwewe. Chithunzi changa chinayenda pa mafoni mpaka chinafika ku Mponela. Anyamata a pa sitolo anayamba kuwaitana amuna anga kuti Malemu. Akalowa m'malo ogulitsira tiyi, ena ankanamizira kuthawa, ati mzukwa wabwera. Bambo a Tadala anandiimbira kamodzi kokha.

"Wandipha uli kutali, mkazi iwe. Basi, khala wamasiye."

Chaka chisanathe anakwatira wina.

Nachisale anayamba kutsokomola chisanu chachiwiri. Ku South Bend kuzizira kwake kumalowa m'mano, ndipo m'chipinda chathu makoma ankachita thukuta. Tinawapempha a Kamwendo kuti apite naye kuchipatala. Anabweretsa mapilisi a mutu, n'kunena kuti chipatala chimafunsa mapepala. Lamlungu lina Nachisale anati sangathe kudzuka.

"Dzukani, mayi. Anthu amenewa amabwerera inuyo. Mukagona pobwera."

Anavina chimtali wopanda nsapato pa simenti ya holo, thupi likutentha moti ndikamugunda ndinkamva moto kudzera m'chitenje. Atamaliza anagwada, azungu n'kuwomba m'manja poganiza kuti ndi mbali ya gule. Sanadzukenso. Anamwalira kuchipatala patapita masiku awiri, palibe mmodzi wa ife amene analoledwa kukhala pambali pake.

A Kamwendo anati za maliro asamala okha. Manda sitinawaone. Lamlungu lotsatira ndinapeza chithunzi cha Nachisale chili mu felemu, atachikulunga riboni yakuda, achiimika patebulo pafupi ndi dengu la zopereka. Dengu tsiku limenelo linadzaza kawiri.

Ndinathawa masana omwewo. Panali mayi wina wa Chimalawi, mayi Phiri, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indianapolis. Anali atabwera kudzacheza kwa mwana wawo, ndipo miyezi ingapo m'mbuyomo anandinong'oneza m'chimbudzi cha tchalitchi kuti tsiku limene ndidzatope ndidzawauze. Ndinatuluka ngati ndikukataya zinyalala, ndi jumbo imodzi m'manja, n'kugona pansi kumbuyo kwa galimoto yawo mpaka titatuluka mumzinda.

Ku Indianapolis ndinayamba ndi kuluka tsitsi m'saluni ya mayi wa ku Togo pa msewu wa Lafayette. Zala zinkatupa, koma kwa nthawi yoyamba chimene ndagwira chinkalowa m'thumba langa, ndipo Tadala ndi Mphatso anabwerera kusukulu. Kenako mayi Phiri anandipezera malo pa kampani ina yokolopa, yomwe mwini wake sankafunsa zambiri. Ndinakolopa maofesi a m'tauni, makalasi, ngakhale holo ya maukwati. Amalawi tinkakumana Loweruka lina kwa uyu, lina kwa uyo, kukazinga mandasi, ana awo akutiyankha m'Chingerezi. Ndinkaseka nawo. Koma ndikakhala ndekha m'basi ndinkawapha a Kamwendo. Tsiku lina ndinkawathira phala lamoto, tsiku lina ndinkawatsekera m'chipinda chija n'kutaya kiyi mumtsinje. Ndikatsika basi ndinkakhalanso mkazi wamantha wopanda mapepala. Anzanga ankati, "Zisiyeni m'manja mwa Ambuye." Ndinkavomera ndi pakamwa.

Zaka zinapita. Kenako a kampani anandisinthira ku nyumba ina yoonetseramo zojambula ndi zinthu zakale. Ndinkalowa m'mawa anthu asanayambe kubwera, ndi mopu ndi kangolo kanga. M'chipinda china chaching'ono anapachikamo zithunzi zisanu zobwereka kunja, zojambula pamanja ndi penti, zakale kwambiri moti utoto unali utang'ambika ngati dothi la m'dambo m'chilimwe. Amuna atatu, mkazi mmodzi, ndi mtsikana. Wojambulayo ankaoneka kuti sanapite kusukulu ya zojambula. Mitu inali yaikulu kuposa mapewa, manja ngati mafoloko, nthenga za kumutu zitaima ngati mpanda. Koma maso anawakhoza. Makamaka a mkaziyo, wofunda bulangete lofiira, mendulo ikulendewera pakhosi. Sankaseka, sankaliranso. Ankayang'ana ngati munthu amene wauzidwa kuti akhale chete ndipo akuwerenga mumtima nthawi yoti zithe. Ndinkapukuta pansi pake mofulumira chifukwa ankandisowetsa mtendere.

M'mawa wina ndinapeza kansalu kofiira komanga ngati kachithumwa kali pansi pa chithunzi chimenecho. Ndinakatola kuti ndikataye.

"Bwezani pomwe mwatola!"

Ndinatembenuka. Anali mayi wamkulu, wamfupi, tsitsi laimvi loluka chingwe chimodzi, akuyenda ndi ndodo yachitsulo. Anali ndi chikhadi cha alendo pakhosi. Ndinapepesa, koma kansaluko kanali kale pafupi ndi mphuno yanga.

"Uyu ndi fodya," ndinatero. "Ndipo sanaume bwino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka. Anandifunsa kuti ndikumudziwa bwanji. Ndinawauza kuti ndinakulira m'munda wa fodya, ndinayamba kusoka masamba ndisanathe kulemba dzina langa. Iwo anati dzina lawo ndi Darlene, ndi Mojibwe wa kumpoto, kufupi ndi nyanja zikuluzikulu, mmodzi wa eni dziko amene azungu anawapeza ku Amereka, ndipo eni nyumbayo anawaitana kuti adzawathandize kulemba mawu oika pansi pa zithunzizo. Fodyayo anali moni wawo kwa abale awo.

Anakhala sabata yathunthu, ndipo m'mawa uliwonse ankandipeza ndikukolopa. Anandiuza kuti kalekale, agogo a agogo awo asanabadwe, mzungu wina anatenga gulu la anthu awo n'kuwoloka nawo nyanja kupita ku Ulaya. Ankawavinitsa m'maholo anthu n'kumalipira pakhomo. Mafumu a kumeneko anawapatsa mamendulo. M'tauni ina munthu wolemba zikwangwani za masitolo anawakhazika pampando mmodzimmodzi n'kuwajambula. Kenako kunabwera nthomba.

"Uyu sanabwerere," anatero akuloza mkazi wa bulangete lofiira. "Mtsikanayo ndi mwana wake. Iyenso sanabwerere. Manda awo sitikuwadziwa. Ndipo taonani apa."

Pakakhadi ka pakhoma panangolembedwa kuti mkazi wa Chiojibwe, wojambula sadziwika.

"Dzina ali nalo. Ndalifunafuna m'makalata akale mpaka maso anga atha. Ndikufuna alilembe. Ndipo ndikufuna alembenso dzina la amene anamutengayo, ndi zimene anachita. Eni nyumbayi akuti tilembe kuti anali woyendetsa ulendo. Woyendetsa ulendo!" Anamenya ndodo pansi pomwe ndinali nditangokolopa.

Sindikudziwa chinandimasula pakamwa. Ndinatsamira mopu n'kuwauza zonse: chipinda chapansi, chinsalu cha pakhomo, simenti ya holo, felemu ya riboni yakuda. Ndinkayembekeza kuti andikumbatira monga ankachitira amayi a m'matchalitchi aja. Sanasunthe. Anangofunsa funso limodzi.

"Wanuyo akadali moyo?"

"Ali moyo. Ali ku South Bend. Ndamva kuti abweretsa kwaya ina."

"Ndiye mukudikira chiyani? Wathu anafa kalekale ali pabedi lake, atakhuta. Ine ndikulimbana ndi kakhadi. Inu muli ndi munthu wa khosi ndi adiresi."

Kwathu amati mlandu suola. Ndinali nditaunena mwambi umenewu kambirimbiri m'basi, koma m'mawa umenewo ndi pomwe ndinaumva m'mafupa.

Mayi Phiri anandiperekeza kwa loya wina wothandiza anthu obwera. Loyayo anandiuza chinthu chimene ndikanachidziwa kale ndikanalira pang'ono: kuti zimene anatichita a Kamwendo ndi mlandu waukulu, ndipo munthu wochitira umboni sathamangitsidwa. Ndinamufunafuna Edina mpaka ndinamupeza ku Lawrence akusamalira nkhalamba ina. Poyamba anakana.

"Achemwali, ine zimenezo ndinazisiya kale, ndili ndi mwana, musandibwezere kumeneko."

Ndinangomufunsa kuti manda a Nachisale ali kuti. Pamenepo anati ndimutumizire adiresi ya loyayo. Tinapezanso ena awiri a m'gulu lathu lija.

Ofufuza anatifunsa mafunso miyezi ingapo. Loya anandichenjeza kuti ndisayandikire a Kamwendo, ndisiye lamulo ligwire ntchito. Ndinavomera. Koma lamulo silinagone pa matiresi aja. Ine ndinkafuna gawo langa, ndi maso anga.

Ndinaimbira bambo a Tadala, koyamba chichokereni mawu aja. Ndinawafotokozera chimene ndinkafuna. Ndinkamva nkhuku kumbuyo kwawo.

"Ndiye ukuti ndiuke kwa akufa?"

"Eya. Lamlungu, dzuwa likamapendeka kwanuko. Foni ikhale yotchaja."

"Ndivala tayi," anatero.

Mayi Darlene anayendetsa galimoto kuchokera kwawo kudzanditenga. Maola atatu a ulendo wa ku South Bend sitinayankhule zambiri. Tinalowa m'tchalitchi mapemphero atayamba n'kukhala kumbuyo. Pakhomo panali chinsalu chatsopano, koma pakona pake nkhope yanga inalipobe, ndi ya Nachisale. Kutsogolo kunali atsikana asanu opanda nsapato. A Kamwendo anali atanenepa, ndevu zayamba imvi. Anagwira maikolofoni n'kuyamba nkhani yomwe ija ya amasiye a ku Dowa, mawu akunjenjemera pamalo pomwe ankanjenjemera kale.

Ndinaimirira. Ndinayenda pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo. Atandizindikira, pakamwa pawo panatsala potsegula.

"Mwandiiwala, a Kamwendo? Ndine wamasiye wanu woyamba."

Ndinalanda maikolofoni. Chingerezi changa chinali chitakula, cha m'saluni ndi m'basi, chosakongola koma chomveka. Ndinauza anthuwo kuti ayang'ane chinsalu cha pakhomo kenako ayang'ane ine. Ndiye ndinakweza foni m'mwamba.

"Awa ndi malemu amuna anga."

Pa foniyo ankaoneka bambo a Tadala atakhala pampando pakhonde, tayi pakhosi, mkazi wawo watsopano akusuzumira kumbuyo. Anakweza dzanja.

"Gudu moningi. Ine sindinafe," anatero, n'kuwonjezera m'Chichewa, "Kamwendo, mbuzi iwe, ukundiona?"

Atsikana asanu aja ndiwo anayamba kuseka, kenako mmodzi anayamba kulira. Ndinatchula dzina la Nachisale. Ndinati ena a inu munawomba m'manja tsiku limene anagwa. Mayi wina wachizungu anagwira pakamwa. A Kamwendo anandiyandikira n'kunong'ona m'Chichewa, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, chonde, tikambirane kunja. Ndife a kumodzi. Musandivule pagulu."

"Munativula nsapato ndinu. Imani pomwepo."

Anaima. Munthu amene ndinkamuopa zaka zonsezo anaima ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. Ndikanama ndikati ndinamva chisoni. Ndinamva kukoma, kuchokera kumutu mpaka kuzala za kumapazi.

Loya anandikalipira kwambiri mawa lake, koma zinali zitachitika. Apolisi anapita kunyumba kwa a Kamwendo sabata yomweyo, n'kutulutsa atsikana aja m'chipinda chapansi. M'galaja anapeza mapasipoti athu m'chitini cha mabisiketi. Pa shelefu yomweyo, pakati pa zitini za penti ndi matayala akale, panali kabokosi kapulasitiki kakuda kolembedwa dzina la Nachisale. Mtembo wake anali atauwotcha. Amayi ake kumudzi anauzidwa kuti mwana wawo anaikidwa m'bokosi loyera, pa manda a maluwa, azungu akuimba. Zaka zonsezo anali phulusa pambali pa penti.

Kukhoti ndinayankhula ndikuwayang'ana m'maso. Mayi Darlene anakhala pa benchi yakutsogolo masiku onse, ndodo ili pakati pa miyendo. Woweruza anawapeza olakwa, anapita kundende. Akazi awo anagulitsa nyumba n'kusamukira dera lina.

Zithunzi zisanu zija zisanabwerere kwa eni ake, kakhadi kanasinthidwa. Dzina la mkazi wa bulangete lofiira linalembedwa, ndi la mwana wake. Za mzungu uja analemba theka chabe la zimene mayi Darlene ankafuna, ndipo anachoka akutukwana. Anandiphunzitsa kutchula dzina la mkaziyo mpaka lilime langa linalikhoza, koma anati lisamangotchulidwa paliponse, ndiye sindilinena pano.

Mapepala anga atatuluka ndinakwera ndege, kabokosi kali m'chikwama cha m'manja. Sindinalole kuti kapite ndi katundu. Ku Mponela ndinapeza Tadala ali ndi mwana kumsana, ndipo mwanayo atandiona anabisa nkhope. Mphatso anandipatsa moni wa manja awiri ngati mlendo wa boma, n'kumanditchula kuti "mayi a ku Amereka". Mkazi wa bambo a Tadala ndi amene ankadziwa chimene ana anga amakonda kudya. Ndinameza zimenezo. Panalibe woti ndimukwiyire pakhomopo.

Amayi a Nachisale anali atachita khungu. Ndinawaikira kabokosiko pamiyendo. Anakapapasa mbali zonse, n'kukanyamula pang'ono kuyesa kulemera kwake.

"Mwana wanga anali wamkulu thupi," anatero. "Yense wakwana umu?"

Achimwene ake anakhoma bokosi lalikulu la munthu wamkulu, tinaikamo kabokosiko pakati pa zitenje zake. Kwaya ya amayi inaimba, ine ndinayambitsa, koma pa besi panali dzenje.

Patapita masiku atatu kunabwera alendo kunyumba kwa achemwali anga kumene ndinkagona: mayi wokalamba wowerama, mkulu wa mpingo, ndi nkhuku yomanga miyendo. Anali amayi a Kamwendo. Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi. Mkulu wa mpingo ndiye anayankhula. Anati loya wa mwana wawo wanena kuti kalata yochokera kwa ine, yonena kuti ndakhululuka, ingathandize kuti amuchepetsere zaka. Anali atabwera ndi pepala ndi cholembera. Anawerenga vesi, anakamba za kukhululuka makumi asanu ndi awiri kuchulukitsa kasanu ndi kawiri.

Gogoyo anakwawa pamphasa n'kundigwira phazi.

"Mwana wanga, ndiwe mayi iwenso. Ndikufuna adzandiike m'manda ndi iyeyo."

Dzanja lawo linali lozizira, lopepuka. Iwo sanandilakwire kanthu, ndipo ndinadziwa kuti nkhope imeneyo idzandivutitsa masiku ambiri. Ndinatenga pepala lija n'kulemba, osafulumira. Nditamaliza mkulu wa mpingo anatambasula dzanja akumwetulira, koma ndinati ndiyambe ndawerenga mokweza kuti pasakhale bodza lina pa dzina langa.

"Kwa woweruza. Ine sindinakhululuke. Asachotsedwepo ngakhale tsiku limodzi."

Mkulu wa mpingo anayamba kunena kuti mtima wotere sukalowa kumwamba. Ndinamuuza kuti za kumwamba tikakambirana komweko. Ndinapinda kalatayo bwinobwino n'kumupatsa, ndinawathandiza gogo aja kuimirira, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Nkhuku ndinanyamula ndekha, ndinawabwezera m'manja.